Si chifuwa chilichonse chofuna maantibayotiki

Nkhani ya zaumoyo yomwe idakambidwa pa wailesi ya m'dera lathu m'nyengo yachisanu

Chisanu chafika. Mu Juni ndi Julaye kuno kumtunda nyumba iliyonse imamveka ana akutsokomola usiku. Lero tikambirane za mankhwala amene ambiri timawafuna mwana akangoyamba chifuwa kapena kutsegula m'mimba: amokisilini, bakitilimu, penisilini ndi makapisozi aja a mitundu iwiri amene amapezeka mpaka m'misika. Onsewa dzina lawo ndi limodzi, maantibayotiki.

Ndiyambe ndi zimene ndidaona mwezi watha ndikuyenda m'makomo. Ndidapeza mayi wina ali wokwiya. Adadzuka mbandakucha, mwana wa zaka ziwiri kumbuyo, nayenda maola awiri kupita kuchipatala. Mwanayo anali ndi chimfine, chifuwa ndi kutentha thupi pang'ono. Namwino adamupima magazi, malungo sadapezeke. Adamukweza malaya, nawerenga kapumidwe kake, namuyang'ana m'makutu ndi kukhosi. Pomaliza adapereka parasetamo, amene ambiri timangoti panado, nauza mayiyo kuti azimupatsa zakumwa zambiri ndipo abwerenso msanga mwana akayamba kubanika.

Mayiyo adandiuza kuti, "Achimwene, ulendo wonse uja panado basi? Mankhwala enieniwo amasungira abale awo." Pobwerera adadutsa pamsika, nagula makapisozi anayi, n'kumatsegula ndi kuthira ufa wake m'phala la mwana.

Mayiyu amakonda mwana wake, ndipo ambiri a ife tidakula tikuona makolo athu akuchita chimodzimodzi. Koma namwino uja adagwira ntchito yake bwino, ndipo ndikufuna kuti mumvetse chifukwa chake.

Tizilombo tili mitundu yosiyana

Tizilombo toyambitsa matenda sitioneka ndi maso, n'chifukwa chake timaganiza kuti tonse ndi timodzi. Pali mabakiteriya, pali mavairasi, palinso tizilombo ta malungo timene timabwera ndi udzudzu. Mtundu uliwonse uli ndi njira yake yolimbana nawo.

Maantibayotiki amapha mabakiteriya okha. Pa chibayo choyambitsidwa ndi mabakiteriya, pa taifodi, pa matenda oumitsa khosi, pa matenda olowa m'magazi a khanda, mankhwalawa amapulumutsa moyo. Koma mavairasi samva maantibayotiki ngakhale pang'ono. Chimfine chimayamba ndi mavairasi. Chifuwa cha ana ambiri m'nyengo ino chimayamba ndi mavairasi. Kutsegula m'mimba kwa madzimadzi kwa ana aang'ono nakonso nthawi zambiri ndi mavairasi. Matendawa thupi la mwana limalimbana nawo lokha. Chimfine chimatenga sabata imodzi kapena masiku khumi, ndipo kutsokomola kumatha kutsalira masiku ena angapo.

Mwina munganene kuti, "Nanga bwanji ndidamupatsa amokisilini nachira?" Mwanayo akadachira ndithu ngakhale popanda amokisilini. Timapereka mankhwala tsiku lachitatu, pamene matenda afika pachimake, ndipo akayamba kutsika okha timathokoza mankhwala. Mamina akasanduka achikasu kapena obiriwira si chizindikiro choti pafunika maantibayotiki. Ndi mmene chimfine chimayendera.

Kodi kungomupatsa kuli ndi vuto lanji?

Ena amati, "Ngakhale asathandize, sangapwetekenso." Amapweteka. M'mimba mwa mwana muli mabakiteriya abwino ambirimbiri amene amathandiza kugaya chakudya ndi kutchinga tizilombo toipa. Maantibayotiki sasankha, amapha abwino omwe. N'chifukwa chake mwana amene anali ndi chifuwa chokha amayamba kutsegula m'mimba atamwa mankhwala. Ena amatuluka zidzolo, ena zilonda zoyera m'kamwa. Makapisozi a tetracycline amaononga mano a mwana wosakwana zaka 8, ndipo mano ake amathimbirira mpaka kukula. Onjezani ndalama imene mwataya, imene ikadagula sopo, dzira kapena nthochi zoti mwana wodwalayo adye.

Vuto lalikulu kuposa onsewa ndi loti tizilombo timaleka kumva mankhwala. Inu alimi mukudziwa zimene zimachitika posunga chimanga. Mukathira mankhwala ochepa, kapena mukamathira amodzimodzi chaka ndi chaka, anankafumbwe ofooka amafa koma olimba amatsala n'kuswana. Pakapita zaka mumapeza kuti mankhwala aja sakugwiranso ntchito. Mabakiteriya amachita chimodzimodzi, koma iwo amaswana m'maola ochepa chabe. Nthawi iliyonse imene mwana wamwa maantibayotiki, mabakiteriya ofooka a m'thupi mwake amafa, olimba n'kupeza malo. Tsiku limene adzadwale chibayo chenicheni, amokisilini uja akhoza kupezeka kuti alibenso mphamvu.

Timakonda kunena kuti "thupi lake lidazolowera mankhwala". Chimene chimasintha ndi tizilombo, osati thupi la mwana. Ndipo tizilombo tosamva mankhwalato sitikhala mwa munthu mmodzi. Timatuluka ndi chimbudzi, timakhala m'manja, timalowa m'madzi a pachitsime, timayenda ndi anthu popita kumsika, kumaliro ndi kuukwati. Khanda lobadwa dzulo, limene silidalaweko mankhwala alionse, likhoza kutenga tizilombo totere.

Agogo athu akukumbukira kolorokwini. Anali mankhwala odalirika a malungo, opezeka m'golosale iliyonse, ndipo aliyense akamva kutentha thupi ankangogula n'kumwa. Tizilombo ta malungo tidaleka kuwamva. Dziko la Malawi lidasiya kolorokwini mu 1993, loyamba mu Africa kuchita zimenezi, ndipo kuno ku Mozambique nakonso adasiyidwa patapita zaka. Lero tikudalira Coartem, amene kutsidya amati LA. Zimene zidachitikira kolorokwini zikuchitikira maantibayotiki tsopano lino.

Zidachitika pafupi ndi kwathu

Izi si nkhani za kutali. Mu 2009, kuyambira Malichi mpaka Novembala, kudagwa matenda odabwitsa m'midzi ya m'malire a boma la Tsangano, loyandikana nafe, ndi boma la Neno ku Malawi. Anthu ankatentha thupi, ena ankalephera kuyenda bwino ngakhale kulankhula. Akatswiri atafufuza adapeza kuti ndi taifodi. Adawerenga odwala 303, ndipo 11 adamwalira. Tizilombo 42 timene adatipima tonse tidapezeka tosamva mankhwala atatu amene kale ankachiza taifodi mosavuta: ampisilini, chloramphenicol ndi bakitilimu. Taifodi imafala ndi madzi ndi chakudya chosasamalika, koma chimene chidavutitsa kuchiza n'chakuti mankhwala otsika mtengo, opezeka pafupi, anali atatha mphamvu. Tizilombo tija sitidafunse chiphaso pamalire.

Ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akupima magazi a odwala kuyambira 1998 kuti aone tizilombo timene timavuta. Pali mabakiteriya ena otchedwa Klebsiella amene amapha makanda ambiri. Mu 2003, mwa mabakiteriya 100 a mtunduwu, pafupifupi 12 ndi amene sankamva mankhwala amphamvu monga jakisoni wa ceftriaxone. Pofika 2016 anali atafika pa 90. Ceftriaxone ndi jakisoni amene madokotala amathamangira mwana akafika ali kayakaya. Akalephera ameneyu, mankhwala otsatira ndi okwera mtengo ndipo sapezeka m'zipatala zing'onozing'ono.

Pa dziko lonse, kafukufuku wamkulu adapeza kuti mu 2019 anthu okwana 1.27 miliyoni adamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo mmodzi mwa asanu alionse anali mwana wosakwana zaka zisanu. Alexander Fleming, amene adatulukira penisilini mu 1928, adachenjezeratu mu 1945 kuti anthu akamadzamwa mankhwalawa mopereweza, tizilombo tidzaphunzira kuwapirira.

N'chifukwa chiyani maantibayotiki amalembedwa mochuluka?

Ofufuza ena adaona mmene ana amathandizidwira m'zipatala za maiko 8, limodzi mwa iwo Malawi. Adapeza kuti mwana mmodzi amalemberedwa maantibayotiki pafupifupi ka 25 asanakwanitse zaka zisanu. Mwa ana 10 obwera ndi matenda a m'chifuwa, 8 ankatuluka ndi maantibayotiki, ndipo theka la otsegula m'mimba ankapatsidwanso. Kuchuluka kotereku n'kopitirira kwambiri pa zimene zimafunika.

Anamwino athu amagwira ntchito movutikira. Mzere umakhala wautali, namwino ali yekha. Akudziwa kuti mwachokera kutali ndipo mwina simubweranso, ndiye amaopa kuti mwana angakakulirepo matenda kunyumba. Malungo akapanda kupezeka m'magazi, mtima umafuna kuperekabe kanthu kena. Pamwamba pa zonsezi pali ife makolo. Nkhope yathu imagwa tikamva kuti panado basi. Ena timapempha jakisoni, ena timanyoza m'mudzi kuti namwino uja sadziwa ntchito. Kulemba amokisilini kumatenga kamphindi, kufotokozera mayi chifukwa chosalembera kumatenga nthawi. Tikamakakamiza, timakankhira wachipatala ku njira yachidule imene si yabwino kwa mwana wathu.

Kodi wachipatala amadziwa bwanji kuti mwana afunika maantibayotiki?

Sangolota. Pali ndondomeko yopimira ana imene bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidakonza pamodzi ndi UNICEF. Kuno ku Mozambique imatchedwa AIDI, ndipo anamwino ndi ma APE, alangizi a zaumoyo a m'midzi mwathu, amaitsatira. Kutsidya alangizi a zaumoyo a m'midzi amatsatiranso yomweyi. Pa chifuwa, chachikulu ndi kuwerenga kapumidwe. Inunso mukhoza kuwerenga kunyumba.

Dikirani mwana akhale chete, asakhale akulira kapena kuyamwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukwezeni malaya, yang'anani pamimba kapena pachifuwa, ndipo muwerenge kwa mphindi imodzi yathunthu pa wotchi kapena pa foni. Kukoka mpweya ndi kutulutsa ndi kupuma kumodzi. Mwana akupuma mofulumira ngati:

- ali wosakwana miyezi iwiri ndipo akupuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi;
- ali ndi miyezi iwiri mpaka 11 ndipo akupuma ka 50 kapena kuposa;
- ali ndi chaka chimodzi mpaka zaka zisanu ndipo akupuma ka 40 kapena kuposa.

Yang'ananinso m'munsi mwa nthiti. Ngati m'munsi mwa chifuwa mukulowa m'kati pamene mwana akukoka mpweya, ndi chizindikiro cha chibayo. Mwana wopuma mofulumira kapena wolowa nthiti apite kwa APE kapena kuchipatala tsiku lomwelo. Ameneyu ndiye wofunika amokisilini, ndipo adzapatsidwa. Mwana wotsokomola koma akupuma bwinobwino, akuyamwa, akudya ndi kusewera pang'ono, ali ndi chimfine.

Pa kutsegula m'mimba, wachipatala amafunsa ngati m'chimbudzi muli magazi. Kamwazi amafuna maantibayotiki. Kutsegula kwa madzimadzi kopanda magazi kumafuna madzi ndi zinki. Koma kukamveka kolera m'dera, aliyense wotsegula kwambiri athamangire kuchipatala.

Zizindikiro zosayenera kudikira

Ndikamati si chifuwa chilichonse chofuna maantibayotiki, sindikunena kuti muzikhala kunyumba. Pitani mukapimitse mwana. Ndipo mukaona chimodzi mwa izi, nyamukani nthawi yomweyo, usana kapena usiku:

- mwana akulephera kuyamwa kapena kumwa;
- akusanza chilichonse chimene wamwa kapena kudya;
- wakomoka kapena wagwidwa ndi njirinjiri;
- wafooka kwambiri, akungogona ndipo akuvuta kudzutsa;
- akubanika kapena akupuma mwaphokoso ali chete;
- khosi lauma;
- maso kapena liwombo zalowa, khungu mukalitsina likuchedwa kubwerera;
- mapazi onse awiri atupa kapena waonda kwambiri.

Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi, likazizira thupi, likaleka kuyamwa bwino kapena mchombo ukafiira ndi kutuluka mafinya, musayese chilichonse kunyumba. Pa msinkhu umenewu matenda amathamanga. Pitani kuchipatala, ndipo akakutumizani ku chipatala chachikulu ku Ulónguè musazengereze.

Mwana aliyense wotentha thupi apimidwe malungo pasanathe tsiku limodzi. Amokisilini sachiza malungo, ndipo masiku amene mwataya mukumupatsa makapisozi, malungo amakhala akukula. Kutentha thupi kukapitirira masiku awiri kapena atatu mutachoka kuchipatala, bwereraninso. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, akamupimenso, chifukwa chikhoza kukhala chifuwa chachikulu cha TB kapena mphumu.

Zimene mungachite kunyumba

Kubwerera opanda maantibayotiki sikutanthauza kuti mulibe chochita. Mwana wa chimfine muyamwitseni pafupipafupi. Wopitirira miyezi 6 mupatseninso madzi otetezeka, phala lamadzimadzi ndi msuzi. Mpatseni chakudya pang'onopang'ono koma kangapo. Mphuno zikatsekeka, zipukuteni ndi kansalu koyera konyowa, makamaka asanayamwe. Mwana wopitirira chaka mukhoza kumupatsa uchi pang'ono m'madzi ofunda kuti kukhosi kufewe, koma wosakwana chaka asalawe uchi. Parasetamo mupatseni monga mmene namwino wanenera. Muvekeni zofunda, koma musamugoneke m'nyumba yodzaza utsi. M'nyengo ino timakonda kuotha moto m'nyumba zitseko zili zotseka, ndipo utsiwo umafooketsa mapapo a ana n'kuitana chibayo.

Mwana wotsegula m'mimba chimene chimamupha ndi kutha madzi m'thupi. Sungunulani paketi ya SRO, imene kutsidya amati Thanzi, m'madzi otetezeka okwana monga zalembedwa pa paketipo. Akangochita chimbudzi, wosakwana zaka ziwiri amwe kota mpaka theka la kapu, wamkulupo amwe theka mpaka kapu yodzaza. Akasanza dikirani mphindi khumi, n'kuyambanso pang'onopang'ono ndi supuni. Zinki amwe tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14 monga akuuzirani, ngakhale kutsegulako kutasiya. Musaleke kuyamwitsa ndipo musamumane chakudya.

Funsani musanatuluke m'chipinda

Safunsa adadya phula. Muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu, ndipo namwino wabwino amakondwa ndi kholo lofunsa. M'malo mopempha jakisoni, funsani izi: Mwana wanga mwamupeza ndi chiyani? Kapumidwe kake kali bwanji? Ndikamusamale bwanji kunyumba? Ndikaona chiyani kuti ndibwerenso msanga? Ngati alemba maantibayotiki, funsani kuti ndi a matenda anji, amwe angati, kangati pa tsiku, kwa masiku angati. Ngati mudamupatsa kale mankhwala ogula kapena azitsamba, nenani poyera, ndipo tengani chikutiro chake mukaonetse.

Kwa inu anamwino ndi ma APE amene mukumvetsera, pempho lathu ndi lakuti muwerenge kapumidwe ka mwana aliyense wa chifuwa mayi ake akuona, ndipo muwauze nambala imene mwapeza. Mayi akaona ndi maso ake kuti mwana wapimidwa mokwanira, sabwerera ndi mtima woti wamanidwa.

Mwana akapatsidwa maantibayotiki

Akalembedwa ndi wachipatala atamupima, mupatseni mosadumphitsa, pa mlingo wake, mpaka masiku amene mwauzidwa atakwana, ngakhale ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Musasunge otsala kuti mudzagwiritse ntchito mtsogolo. Musagawire m'bale wake kapena mwana wa aneba, chifukwa mlingo umatengera msinkhu ndi kulemera kwa mwana. Mankhwala amadzi akasungunulidwa sakhalitsa, choncho botolo la mwezi watha si mankhwalanso. Musapatse nkhuku kapena nkhumba mankhwala a anthu, chifukwa tizilombo tosamva mankhwala timaswananso m'ziweto n'kubwerera kwa ife. Mwana akatupa nkhope, akatuluka zidzolo thupi lonse kapena akabanika atamwa mankhwala, thamangani naye kuchipatala. Masiku awiri akatha osaona kusintha, bwererani komwe adakupatsani, musakagule ena pamsika.

Pali ana ena amene amamwa bakitilimu tsiku ndi tsiku molamulidwa ndi achipatala, monga obadwa kwa mayi amene ali ndi HIV ndi ana amene ali ndi kachilomboka. Amenewa apitirize. Chimodzimodzinso mankhwala a TB, ma ARV ndi amokisilini amene amaperekedwa kwa mwana wonyentchera kwambiri. Musasiye chifukwa cha nkhani ya lero. Tikukamba za mankhwala omwa popanda chifukwa.

Mwana wosadwala safuna mankhwala

Katemera amachepetsa matenda amene amatipangitsa kufuna maantibayotiki. Kuno ku Mozambique katemera wa chibayo adayamba mu 2013, ndipo wa rotavirus, woteteza ku kutsegula m'mimba koopsa, mu 2015. Ku Malawi adayamba mu 2011 ndi 2012. Onse amaperekedwa kwaulere kusikelo. Mabanja a m'malire timayenda mbali zonse ziwiri, choncho sungani bwino khadi la mwana ndi kulionetsa kulikonse kumene mwapita, kuti asaphonye katemera. Yamwitsani mwakathithi miyezi 6 yoyamba. Sambani m'manja ndi sopo mukachoka kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanaphike ndi musanamudyetse. Tetezani madzi akumwa powiritsa kapena pothira Certeza. Gonani m'neti usiku uliwonse, ngakhale kukuzizira.

Pali chinthu cholimbikitsa pa nkhani ya kolorokwini ija. Patatha zaka zoposa khumi Malawi atasiya mankhwalawa, ofufuza ku Blantyre adapeza kuti tizilombo ta malungo tayambanso kuwamva. Sizichitika choncho ndi tizilombo tonse, koma zikutionetsa kuti mmene timagwiritsira ntchito mankhwala zimasintha mphamvu yake. Amokisilini akadali ndi mphamvu pa chibayo cha ana ambiri, ndipo ali pafupi, m'chikwama cha APE wa m'mudzi mwanu. Tikamusunga kuti azigwira ntchito pa chibayo chenicheni, adzathandiza ndi adzukulu athu omwe.

Mayi uja ndidakhala naye pakhonde, tidawerenga limodzi kapumidwe ka mwana pa foni yanga. Tidapeza 32. Adavomera kutaya makapisozi awiri otsala m'chimbudzi. Patatha masiku asanu ndidadutsanso, mwana ali pabwalo akuthamangitsa nkhuku, mamina akadali pamphuno. Mayiyo adandifunsa kuti ndibwerezenso manambala aja kuti akauze apongozi ake.

Inunso uzani anzanu kudimba, kuchigayo ndi kutchalitchi kapena kumzikiti. Amene mumatha kuwerenga, werengerani agogo kapepala aka, chifukwa nthawi zambiri ndiwo amatsala ndi ana ife tikapita kumunda. Ngati muli ndi funso, funsani APE wa m'dera lanu kapena namwino tsiku la sikelo.